A Fulaye ndi Chidole Chawo Chotuluka Thukuta

Amwene, ndikudziwa kale kuti mukana. Taonani Yami, wayamba kupukusa mutu ine ndisanatsegule n'kamwa komwe. Chabwino, mbiri yanga ndikuidziwa. Ndine ndinakuuzani kuti ndinapikisana ndi minibasi kuchoka pasiteji ya Mvula ku Bangwe mpaka mu Limbe n'kuisiya m'mbuyo, osatchula zoti inali itaphulika tayala. Koma iyi yokha muikhulupirire, ndipo wokana akwere akafunse ku Bangwe. A Fulaye, madala amene tawaika m'manda sabata yathayi, anali ndi chidole choyezera zovala chimene chinkatuluka thukuta. Chinkayetsemula. Ukachibaya ndi phini chinkakuwa kuti "mayo!" Sekani, mano ndi anu. Ine ndayamba.

A Fulaye anali telala. Osati matelala a masiku ano ongodziwa kubweza mathalauza a pakaunjika ayi, telala wa pakhonde, wakalekale. Makolo awo anachokera ku Mozambiki wapansi n'kukhazikika ku Phalombe, iwo n'kubwera mu Limbe ali kamnyamata, n'kupeza malo pakhonde la sitolo ya mmwenye wina wogulitsa nsalu. Munthu ankagula nsalu m'kati, potuluka a Fulaye amuyeza pomwepo. Anakhala pakhonde limenelo mpaka tsitsi lonse kuyera, ndipo ankati simenti inachita kukumbika pamene pankakhala chidendene chawo. Izo ndi zonena zawo, si zanga, musandiyang'ane choncho.

Pamwamba pa sitoloyo pankakhala mayi ake a mwini sitolo, gogo wachihindu amene aliyense ankangowatcha a Ba. Ndi a Ba amene anawaphunzitsa a Fulaye za sari. Sari mukuidziwa, nsalu yaitali ija azimayi achimwenye amadzikulunga nayo, yosasoka, kutalika kwake kuchoka pano mpaka pasiteji. Chabwino, mamita asanu ndi kanthu. A Ba ankawatsitsira masari kuti awasokere kansalu kolimbitsa m'munsi, ndi timabulauzi tovalira limodzi. Chinyanja cha a Ba chinali chokhotakhota, Chimwenye cha a Fulaye chinali moni ndi maina a zakudya basi, koma ankakangana bwinobwino za msoko tsiku lonse. A Ba atamwalira, ana awo akusamukira kunja, anawapatsa a Fulaye chithiranki chachitsulo chodzaza masari. Sitolo inasanduka ya mafoni. Madala anakweza makina awo osokera opalasa aja ndi chithirankicho, ulendo ku Bangwe.

Anachita lendi kachipinda kuseri kwa msika, ndipo mmenemo ndi mmene anayamba kuphunzitsa. Chikwangwani sanalembe. Akaona mwana wa munthu akungozungulira popanda chochita, ankamuitana kuti awalowetsere ulusi pasingano poti maso awo atha. Mawa lake munthuyo wapezeka ali ndi sizasi m'manja osadziwa kuti zayamba bwanji. Ine anandigwira choncho. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Iwe Nsungwi, kutalika konseku ukugwiritsa ntchito yanji?" Dzina linakhala lomwelo. Tinalipo kagulu ndithu, ambiri atsikana, ndipo wa dzanja labwino kuposa tonse anali Esinati, wamtali ngati ine, koma wopupuluma ngati kondakitala.

Masari sankatha. Mbiri inafika kwa azimayi ogwira ntchito m'nyumba za amwenye ku Mpingwe ndi mu Limbe, ndiye abwana aakazi akati "kataye", iwo ankabwera nazo kwa madala n'kubwerera ndi siketi kapena chikwama. M'shopumo munkamveka fungo la mankhwala a njenjete, lubani ndi zokometsera za m'khitchini ya amwenye. Ukatulukamo agalu ankakuperekeza mpaka kwanu.

Tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwawo, kutchalitchi komwe ankapita nayo, ankangoibisa m'jekete. Kasitomala akabwera ndi chithunzi cha pafoni kuti ndikufuna chonchi, iwo chithunzicho ankachiyang'ana pang'ono chabe, kenako mafunso: mupita nalo kuti, mukwera nalo kabaza kapena muyenda pansi, muli ndi mwana woyamwa? Ankati dizaini imayambira pamenepo, chithunzi sichikwera minibasi. Ankakuphunzitsa kuzindikira nsalu ndi machesi. Wasolola kaulusi, wayatsa. Kakanunkha ngati tsitsi lopsa n'kusanduka phulusa, ndiye silika weniweni, umuchape ndi madzi ozizira, osapotokola, uyanike pamthunzi. Kakasungunuka n'kuuma ngati pulasitiki, ankangoti "m'bale wake wa jumbo" n'kukupatsa kuti uphunzirirepo. Silika akamaterera pamakina, ankayala nyuzipepala pansi pake n'kusokera limodzi, kenako kung'amba pepalalo. Ine nkhani za mpira ndinkaziwerenga zili ndi mzere wa mabowo pakati.

M'shopu ya a Fulaye munalibe bini. Ankati bini imaphunzitsa dzanja ulesi, ukangodziwa kuti ilipo sizasi imayenda yosaganiza. Chidutswa chachikulu chinkakhala kolala kapena thumba la shati, chocheperapo chinkakutira mabatani, kotsala ngati chikhadabo kankapita ku ndolo za atsikana, ndipo ulusi wosesa pansi unkalowa m'pilo. Tsiku lina anatola kansalu kobiriwira panja pakhomo, kochepa ngati kapepala ka switi. Anatiimika tonse pamzere ngati kupolisi.

"Kameneka kanachoka ku India pasitima," anatero, atakanyamula m'mwamba. "Kawoloka nyanja. Kavinidwa nako pamaukwati inu musanabadwe. Ndiye kadzafere m'ngalande ya ku Bangwe chifukwa cha iwe Nsungwi?"

"Si ine, madala."

"Ndiwe. Kadulidwe kokhotaka ndi kako."

Ndinakasokerera pachipewa changa tsiku lomwelo.

Kunabwerapo ana a kukoleji ndi makamera, n'kuwauza kuti zimene akuchitazi kunja akuzitcha sasitenebo fashoni, ndipo dziko lonse likuzifuna. Madala anamvetsera mwaulemu, n'kuwapempha kuti alitchulenso dzinalo. Atapita anatitembenukira: "Mwamva? Kusauka kwathu kwapeza dzina lachizungu. Tiyeni, ntchito." Koma tsiku lina ndinawamva akuliyeserera chapansipansi kwinaku akusita.

Lamulo limene ankafera linali loti sari siidulidwa isanavalidwe. Sari yakale ukaiyala patebulo imaoneka yabwino yonse. Koma mwini wake anaidya malo ake: paphewa pamene ankabaya phini, m'chiuno mmene ankaipanira ndi thukuta, m'munsi mmene inkakhula pansi. Ukaikulunga pathupi monga ankaivalira mwini wakeyo, n'kuimika pawindo kuwala kukuchokera kumbuyo, malo ofooka onse amaoneka okha. Pamenepo madala ankazungulira ndi choko: apa pafa, apa mpamoyo, apa patuluka kumbuyo kwa diresi. Ankati ukapanda kutero udzasokera mayi wa munthu siketi yokongola imene idzang'ambike kumbuyo ali pamzere wa mgonero.

Ndiye apa ndi pamene pankalowa chidole chija. Chinkaima pakireti ya mabotolo pafupi ndi windo, msana kunja, manja chitatambasula. Madala, mapini ali pakamwa, ankachilankhula ngati munthu. "Usapume." Kubaya, kubaya, kubaya. "Puma." Chinali chachitali, chopanda chiuno n'komwe, moti ankachita kuchimangirira kapilo kumbuyo. Anyamata odutsa panjira ankachiona pawindopo n'kumafunsana kuti mwana wachimwenye uja ndi wa ndani. Wina anachiimbirapo likhweru, mpaka kuima pansi pa mtengo kudikira kuti chituluke. Yami, bwanji wawerama? Tipitirize.

Mdani wawo wa tsiku ndi tsiku anali make Shupi, wogulitsa kaunjika khomo loyandikana. M'mawa uliwonse moni wawo unali womwewo.

"Madala, mukuvutikiranji ndi nsanza za amwenye? Bwerani ndikusankhireni jekete la mzungu."

"Mzungu wake anafera momwemo."

"Nanga agogo anu a m'thirankiwo ali moyo?"

"Anga ndimawadziwa dzina. Anuwo mumawadziwa?"

Ankati kaunjika ndiye anapha matelala a mu Limbe, ndipo make Shupi ndi mmodzi mwa onyamula bokosi. Koma zovala zong'ambika zimene zakana kugulidwa, make Shupi ankaziponya pawindo lawo osanena kanthu, madala n'kuzisandutsa layiningi, nsalu ya m'kati mwa zovala, osathokoza. Pamaliro paja analira kuposa achibale, kudzigwetsa pansi mpaka tinachita kumunyamula.

Panali zinthu ziwiri zimene sankalola munthu kukhudza: chitini cha mabisiketi pashelefu yapamwamba, ndi sari ya pansi penipeni pa thiranki. Chifukwa chake sankanena. Ukafunsa ankangoti, "Soka." Ine ndinkawauza atsikana kuti m'chitinimo muli kanjoka kamene kamamaliza maoda tonse tikaweruka, ndipo ena ankadutsa pashelefupo chothamanga.

Tsopano nkhani yeniyeni, imene ku Bangwe akamati a Fulaye amakumbukira.

Esinati anapeza mwamuna, dzina lake Wongani, mphunzitsi, mwana yekhayo wa a NyaGondwe a ku Kanjedza, mayi wamasiye wochokera ku Rumphi amene anapuma pa ntchito ya uhedi. Banja la dongosolo, la tchalitchi, loti supuni ili ndi malo ake. Esinati analumbira kuti sabwereka diresi la ukwati loti lavalidwa ndi Blantyre yense, asoka lake. Madala anavomera, anati akabwerako kumaliro ku Phalombe adzasankha limodzi nsalu. Kumaliroko anachedwa, mvula inadula msewu, Esinati masiku akumuthera. Anafufuza m'thiranki mpaka pansi n'kuipeza: sari yoyera mbee, yosalala, yopanda duwa, yopanda mpendero, ngati inkachita kumudikira.

"Madala amangoumira zinthu," anatero. "Iyi akusungira ndani?"

Sanaiveke n'chidole chomwe. Sizasi, khwa, khwa, khwa.

A Fulaye anafika n'kupeza zidutswa zili patebulo, zina atazilumikiza kale. Anavula chipewa n'kukhala pansi.

"Wadula iti?"

"Yoyera ija, agogo. Taonani mmene yakhalira."

"Unaiveka?"

"Inalibe poonongeka, ndinaiona bwinobwino."

"Esinati, kwa anthu aja choyera chopanda mpendero si cha mkwatibwi. N'cha mayi wamasiye. Imeneyi a Ba anayamba kuivala amuna awo atamwalira."

Esinati anaika sizasi pansi. Koma khoma la pamenepo silifika kudenga, ndipo mbali inayo kunali make Shupi, makutu ali tcheru. Nkhani inakwera minibasi pa Mvula, inatsika mu Limbe itanenepa, pofika ku Kanjedza inali yoti mtsikana wa ku Bangwe wasoka nsalu ya maliro ya amwenye kuti mwamuna afe msanga iye atsale ndi nyumba. A NyaGondwe anatuma ankhoswe kuti ukwati uyambe waima. Esinati anathawira kwa azakhali ake ku Machinjiri, foni n'kuzimitsa.

Ine ndinapereka nzeru yanga yaulere. "Madala, ingonenani kuti munasokoneza, si imeneyo. Ndani apite ku India kukafunsa?"

"Bodza ndi ntchito yako, Nsungwi. Ine yanga n'kusoka."

Atsikana anati ndiye tisonkhe tigule nsalu ina m'sitolo. Madala anakana. Anati nsalu yatsopano iphimba thupi la Esinati koma dzina lake likhala lodetsedwa chomwecho, anthu adzati wasintha chifukwa wagwidwa. Ndipo zidutswa zodula kalezi tizitaya kuti, poti bini tilibe? Anatinso wolakwa ndi iwo, chifukwa anamuletsa mwana chinthu osamuuza chifukwa chake, ndiye anali ngati amutuma okha.

Kenako anakwera pampando n'kutsitsa chitini chija. Atsikana anabwerera m'mbuyo kuopa njoka yanga. Munali mpendero wa sari, wofiira psuu, wolukidwa ndi ulusi wagolide, wokulungidwa ngati bandeji. Masiku otsatirawo madala sanayankhe ngakhale moni wa make Shupi. Ankangosoka. Atamaliza anatumiza mawu kudzera kwa ankhoswe kuti a NyaGondwe asanagamule abwere adzaione okha nsaluyo.

Anabweradi masana, chikwama pamkono, magalasi pamphuno, kuyenda kwa munthu amene wakhala akuimika ana pa asembule moyo wake wonse. Pakhomo anthu anadzaza ngati pali kanema waulere, make Shupi patsogolo. Poti mkwatibwi kunalibe, diresi linali pachidole, pakireti paja, velo itaphimba nkhope. Amwene, linali diresi. Loyera ngati ufa wa pamphasa, m'munsi monse ndi kumapeto kwa manja kukuyaka chofiira ndi golide.

A NyaGondwe anakana mpando.

"Adada, ine sindinabwere kudzacheza. Funso langa ndi limodzi. Nsaluyi ndi ya mayi wamasiye kapena ayi?"

"Ndi ya mayi wamasiye, mayi."

Pakhomo anthu onse, "Hiii!" Chidole chinayamba kutuluka thukuta.

"Ndiye mwandiitaniranji? Ine ndinaika mwamuna wanga. Ndatsala ndi mwana mmodzi. Mukufuna ndiikenso ameneyo?"

"Ayi, mayi."

"Munganditsimikizire kuti nsalu imeneyi siibweretsa kanthu m'nyumba mwa mwana wanga?"

"Sindingathe. Ine ndi telala. Ndingokuuzani zimene ndinaona."

Anawauza za a Ba. Kuti anakwatiwa ali kamtsikana n'kukhala ndi mwamuna mmodzi yemweyo mpaka onse awiri mano kutha m'kamwa. Kuti bamboyo atafa ziwalo, a Ba ankamutulutsa pakhonde lam'mwamba m'mawa uliwonse, kumumwetsa phala ndi supuni kwinaku akumukalipira ngati mwana, iwo a Fulaye akumva zonse ali pamakina pansi. Kuti kwa mtundu wa a Ba mkwatibwi amalowa m'banja atavala choyera cha mpendero wofiira, ndipo mwamuna akamwalira chofiiracho chimachoka, kutsala choyera chokha.

"Ndiye ine ndabwezerapo chofiiracho, ndipo n'cha mwini wake yemweyo. Ngati nsalu imanyamula zinthu, mayi, iyi yanyamulanso zaka zonse zija. Ngati siinyamula, tikuopa chiyani? Mtsikana uja sankadziwa kanthu. Ndine ndinatseka pakamwa."

"Yayi," anatero a NyaGondwe, koma inali yayi yofewa. Anagwira mpendero wa pamkono n'kuusisita ndi chala. "Chinthu chotere munachisunga bwanji osagulitsa?"

Madala anayang'ana makina awo. Anati amuna awo a Ba atamwalira, gogoyo anagawa masari ake a mitundu, ndipo ya mpendero wofiirayi anawapatsa iwo kuti akasokere akazi awo, a Rozina. Anawalonjeza a Rozina diresi la Khrisimasi. Khrisimasi inkafika ndi maoda a anthu, Januwale ndi mayunifolomu a sukulu, akazi a telala n'kumadikira. Chaka chino, chaka chamawa. A Rozina anamwalira nsalu isanaone sizasi. Tsiku limene anadzaifunyulula, inali itathetheka m'mapindo monse, wamoyo unali mpendero wokha.

"Anawa ndimawauza kuti asataye nsalu," anatero. "Koma ine yanga ndinaitaya ili m'manja."

A NyaGondwe anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. Kenako anagwada kuti aone msoko wam'kati, n'kutukula diresi m'munsi. Anakhala kanthawi chiweramire, akuyang'ana pakireti paja. Anadzuka bwinobwino, kudzisasa m'mawondo.

"Msoko uli bwino. Koma khosi latsika kwambiri, mulikweze, ndi mwana wa tchalitchi ameneyu. Diresi ligona kwanga mpaka tsikulo, amayi a kutchalitchi kwathu alipempherere, ndipo kumuveka ndimuveka ndine."

"Khosi lili bwino, mayi."

"Mulikweze."

Atafika pakhomo anatembenuka. "Ndipo chidole chanucho, adada, muchiuze chiwenge zikhadabo za kumapazi."

Amene anapita ku Machinjiri kukamutenga Esinati anali make Shupi. Madala anamuuza kuti poti nkhani yoipa anainyamula yekha, yabwinoyi anyamulenso yekha, thiransipoti yake yomwe. Anapita.

Ukwati unachitika. Kutchalitchi azimayi ena ananong'onezana kuti chofiira pa diresi la ukwati n'chachilendo, ndipo alipo amene mpaka lero amati a NyaGondwe ananyengedwa. Ena anabwera kushopu kudzafuna lotero, madala n'kuwaonetsa chitini chopanda kanthu. Zonse anazipirira, kunenedwa, kupereka mpendero wa a Rozina, koma za khosi lija anang'ung'udza mpaka imfa yawo. Akaona chithunzi cha ukwatiwo ankangoti, "Anandiphera dizaini mayi aja." Wongani ali moyo, wanenepa mpaka lamba akuchita kubowolera, ndipo ndi amene ananyamula bokosi la madala chakumutu.

Kudwala sanadwale nthawi yaitali. Chifuwa chinawagwira nthawi yozizira, miyendo inasiya kupalasa, koma ankabwerabe n'kukhala pampando, kumaloza ndi ndodo pamene tikulakwitsa. Tinawaika atavala shati imene tinasoka tonse ndi tizidutswa ta m'matumba mwawo, aliyense kake. Ine ndinachotsa kansalu kobiriwira kaja pachipewa changa. Kolala inali yoyera, ya zotsala za sari ija, Esinati anati nawonso anali amasiye. Achibale a ku Phalombe ankafuna suti, koma a NyaGondwe anangowayang'ana pamwamba pa magalasi, nkhani inathera pomwepo.

Dzulo ndinapita kukabweza makiyi kwa a landilodi. Akuti pakhala saluni. Makina apita kwa Esinati ku Chitawira, thiranki nayonso, atsikana azikaphunzira kumeneko. M'chipindamo mwatsala zipsera za miyendo ya makina pasimenti, mizere ya choko pakhoma pamene ankatijambulira makolala, ndi chitini chija pashelefu, chivindikiro chili pambali. Fungo la lubani likadalimo. Ndinasesa, n'kupeza kuti ulusi ndauunjika m'dzanja ndikusowa poutaya, ndiye ndinauika m'thumba. Mbali inayo make Shupi anali chete, alibe womuputa.

Kireti ikadali pawindo paja.

Chabwino. Yami, tandiyang'ana. Sisi wa sari yobiriwira amene unamudikira pansi pa mtengo mpaka mvula kukunyowetsa, amene unatiuza kuti anakugwedezera dzanja, sanali kukugwedezera iwe. Phini inali itandilowa m'khwapa. A Fulaye chidole analibe, ankati n'chodula ndipo sichinena pamene pakuthina. Masari onse a a Ba ndawavala ine, kapilo kali kumbuyo. Diresi la ukwati la Esinati woyamba kulivala ndine, velo ndi zonse, ndipo zikhadabo ndinawenga tsiku lomwelo. Sekani, ndanena kale kuti mano ndi anu.

Ndisanakhome chitseko ndinayang'ana kunja, panjira panalibe munthu. Ndinakwera pakiretipo, msana kuwindo, n'kutambasula manja. Sindikudziwa kuti zinabwera bwanji, ndinangopezeka kuti ndagwira mpweya. Ndinaima choncho mpaka m'maso kuchita mdima, kudikira kuti wina anene kuti, "Puma."